Keke ya mu Kamba, ndi chamba chimene sichinalowemo

Mlamu wanga, mng'ono wawo wa abambo akunyumba, anafika kuno ku Chipata sabata yachiwiri ya Disembala 2024 kuchokera ku Johannesburg. Anali ndi zikwama zitatu ndi katoni imodzi yokulungidwa zingwe ngati mbuzi yopita kumsika. Katoniyo inali yanga. Nditatsegula ndinapeza mphika wadothi wolemera, wokhala m'chigoba chachitsulo, uli ndi chivundikiro chagalasi ndi nthambo ya magetsi. Ati ndi slow cooker. Ana atafunsa ntchito yake, alamu anawauza kuti ndi mphika umene umaphika nyemba kuyambira m'mawa mpaka madzulo osazipsereza. Mwana wanga wotsiriza, wa zaka 6, anauyang'ana kwa nthawi n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndi kamba." Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pathu palibe amene amautchula dzina lachingerezi. Ndi Kamba basi.

Amene munali m'Zambia muno chaka chimenecho mukukumbukira. Mvula inakana, madzi ku Kariba anatsika, magetsi ankabwera ngati mlendo wothawa ngongole, pakati pa usiku, n'kuchoka tambala asanalire kachiwiri. Ine ndimaphika makeke ogulitsa, a maukwati ang'onoang'ono, a masiku obadwa, ndi masikono amene mtsikana wanga amakaperekera ku tuntemba ta ku Kapata. Uvuni wanga umadya mawati opitirira 2,000. Kasola kathu ka padenga ndi inveta yake sizingaunyamule ngakhale kwa mphindi imodzi. Koma nditatembenuza Kamba n'kuwerenga kachikwangwani kapansi, ndinaona 240. Ndinakhala pansi. Ndiye kuti tsiku lopanda mitambo ndikhoza kuphika masana, osadikira mpaka 01:00 koloko usiku ndi maso ofiira.

Musandiuze za mbaula, ndinakulira pomwepo. Chikondamoyo, chigumu, masikono, zonsezo ndimaphika mumpoto wa mchenga, malasha ena pansi ena pachivundikiro, ndipo zimatuluka bwino. Keke ya zipatso ndi nkhani ina. Ndi yolemera, yodzaza shuga, ndipo imafuna moto wofatsa kwa maola ambiri. Pambaula kunja kumada ngati chikuni m'kati mukadali phala. Ndataya zipatso zodula kawiri konse m'moyo mwanga chifukwa cha liuma limeneli.

Tsono madzulo ena tili pakhonde, ine ndikudula mango ouma ndi sizasi, alamu anakoka mpando n'kutsitsa mawu.

"Alamu, mukudziwa kuti ku Joni keke yotereyi ena amaikamo masamba?"

"Masamba anji? Chibwabwa?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Fodya wamkulu, alamu."

Mlamu ndi munthu amene mwambo umandilola kumutukwana pang'ono, ndiye ndinamutukwana pang'ono. Koma iye sankaseka ayi. Anafotokoza kuti mnzake wina wa kumene amagwira ntchito, mzungu wachikulire wodwala msana, amaphika keke ya zipatso ya Khirisimasi mumphika wonga womwewu, batala wake atasakanizidwa kale ndi chamba. Ati zonunkhiritsa ndi mphesa zouma zimabisa fungo lake, ndipo kutentha kochepa kwa mphikawu n'kumene amakukondera. Maganizo ake anali akuti ndiphike ziwiri, yaikulu ya banja, ndi kena kakang'ono ka iye yekha. Za kumene angapeze masambawo anangoloza ndi mlomo chakum'mawa, kumene kuli Mwami ndi Mchinji, ngati kuti ine sindidziwa kuti chamba cha ku Malawi chinatchuka mpaka kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu.

Choyamba ndinamukumbutsa kuti wadutsa malire angati pobwera. Ku South Africa khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu saimbidwa mlandu akamasuta kapena kudzala chamba chake m'nyumba mwake. Chigamulo chimenecho chinatsalira ku Beitbridge. Iye anayankha msanga kuti naye amawerenga nkhani, Zambia inaloleza. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ngakhale azimayi anzanga kumsika ndawamvapo akunena zomwezo. Zoona, nduna zinavomereza kumapeto kwa 2019, ndipo mu 2021 kunabwera lamulo la chamba. Koma limanena za kulima kwa amene ali ndi laisensi, chamba cha mankhwala, cha kafukufuku ndi chogulitsa kunja. Malawi nayo inachita chimodzimodzi mu 2020. Palibe mzere umene umati mayi wa ku Chipata akhoza kuthira kanundu mu keke. Ofesi ya DEC, bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, ilipo mumzinda uno, ndipo kwa zaka zambiri takhala tikumva kuti kupezeka ndi chamba chopitirira theka la galamu kumawerengedwa ngati malonda. Theka la galamu! Ndinamufunsa kuti keke ya makilogalamu awiri akaiika pasikelo, adzayeza chamba chokha kapena ndi mphesa zanga zomwe?

Koma ndinene zoona, lamulo silinali chifukwa changa chenicheni. Ndinalitchula poyamba chifukwa ndi limene limatseka pakamwa mwamuna msanga.

Ine sindine wa anthu amene akamva mawu oti chamba amayamba kudzudzula ziwanda. Amalume anga a kumudzi, cha ku Chadiza, ankasuta asanalowe m'munda, ndipo mizere yawo inali yowongoka kuposa ya onse. Anamwalira ali nkhalamba. Ndinaonanso mnyamata wa pafupi ndi kwathu amene anayamba ali kusekondale, mutu n'kusokonekera, mpaka lero amayenda m'mbali mwa Great East Road akuyankhula ndi magalimoto. Zonse ziwiri ndinaziona ndi maso anga. Chimene ndimakumbukira kwambiri kwa amalume n'chakuti ankapita kuseri kwa nkhokwe, ndipo fungo lokha linkatiuza ife ana kuti kumeneko si kwathu. Utsi umadziulula. Keke siidziulula. Imakhala patebulo ikumwetulira aliyense.

Alamu anadzipereka okha m'manja mwanga pamene anayamba kusimba za tsiku limene analawa keke ya mzungu uja. Anapatsidwa kachidutswa kochepa ngati bokosi la machesi. Anadya, anadikira, palibe chimene chinachitika. Patapita ola anaganiza kuti mdala uja wamunamiza, kapena kuti mutu wake wa Chingoni ndi wouma, ndiye anadula china chokulirapo. Ati kenako pansi panayamba kupendekeka. Mtima unkagunda ngati ng'oma, pakamwa pouma gwaa, ndipo anakhala m'bafa atagwira mpope kuopa kuti akausiya agwera kumwamba. Kunja kunacha akadali momwemo. Kuntchito sanapite.

Ankasimba ngati nthabwala, koma mwana wanga woyamba, amene akuphunzira unamwino ku Lusaka ndipo anali pa holide, sanaseke. Anati zimenezo n'zodziwika. Chosuta chimafika m'mutu m'mphindi zochepa, munthu amadziwa pomwepo kuti zakwana. Chodya chimayamba chadutsa m'mimba ndi m'chiwindi, chimatha kutenga theka la ola mpaka maola awiri chisanamveke, ndipo chiwindi chimachisandutsa mtundu wina wamphamvu kwambiri umene umakhalitsa m'thupi, maola 6, 8, ngakhale kupitirira. N'chifukwa chake anthu amadya kawiri. Anawonjezera kuti mu keke yophika pakhomo palibe amene angadziwe kuti chidutswa ichi chili ndi mphamvu yochuluka bwanji poyerekeza ndi chinzake. Kenako anayang'ana mlongo wake wamng'ono amene ankatola timango togwa pansi, n'kunena kuti mwana ngati uyu akadya chidutswa cha munthu wamkulu amatha kugona tulo tosadzutsika, kupuma n'kuvuta, nkhani n'kukathera kuchipatala.

"Ndidzabisa," anatero alamu. "Kanga kadzakhala m'chitini, m'chipinda mwanga. Palibe adzakhudze."

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti zaka 9 za ku Joni zamuiwalitsa kwawo. Kumeneko amakhala yekha m'kachipinda, firiji yake, kiyi wake, chimene wasiya m'mawa amachipeza madzulo. Kuno chakudya chilibe mwini. Ndinamuuza kuti tipange chonchi: ndiphika keke yabwinobwino, yopanda kanthu, ndimudulira chidutswa chake, abise kumene akufuna. Chikafika tsiku la Khirisimasi chili chathunthu, ine ndidzamugulira nkhuku yachikuda. Chikapanda kufika, nkhani ya masamba ithere pomwepo ndipo andigulire thumba la fulawa. Tinagwirana chanza abambo akunyumba ali mboni.

Tsopano za kekeyo, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwabwera kudzafuna zimenezi.

Keke ya zipatso ndi ya Angerezi, ndipo m'maphikidwe awo muli zinthu zimene kuno ukazipeza mtengo wake umakubweza pakhomo la sitolo. Ine ndinagula mphesa zouma zokha, magalamu 500. Zotsalazo ndi za pano. Mango ndinaumitsa ndekha mu Novembala, aja opanda ulusi, odulidwa mopyapyala n'kuyanikidwa pa lata woyera ataphimbidwa ndi neti. Ndinaikamo magalamu 200. Makoko a malalanje awiri ndinawachotsa choyera cham'kati chifukwa chimawawa, ndinawawiritsa kawiri n'kutaya madzi, kachitatu ndi shuga mpaka atawala ngati galasi. M'malo mwa mtedza wachizungu ndinakazinga nsawa za Chalimbana, zikuluzikulu zija, kapu imodzi, n'kuzipukusa makoko ndi kuziphwanya pang'ono mumtondo. Osasinja, mungapange chiponde. Masau ndinayesa ulendo wina, kukoma kwake kowawasa kumagwirizana ndi shuga, koma kuchotsa njere kunanditopetsa ndipo sindidzabwerezanso.

Zipatso zonse zimagona usiku umodzi mu tiyi wakuda bii, kapu imodzi ndi theka, wopanda mkaka. Eni ake amaviika mu brandy ndipo keke yawo imasungika miyezi. Ine ndimavala yunifolomu ya Chigwirizano, ndipo keke yanga imakafika kwa abusa, ndiye tiyi akwanira. Mtengo wake ndi wakuti siikhalitsa chotero, makamaka m'dzinja muno mmene chinyezi chimabweretsa nkhungu. Sabata imodzi kapena ziwiri, yokulungidwa bwino. Pakhomo panga funso limeneli silinabukepo.

M'mawa mwake ndimapukusa majarini magalamu 200 ndi shuga wabulauni magalamu 200 mpaka zitapepuka, kenako mazira atatu, limodzi limodzi. Fulawa magalamu 250, bekingi pauda sipuni yaing'ono imodzi, sinamoni ndi zonunkhiritsa zosakaniza sipuni yaing'ono iliyonse, kamchere. Kuti keke ide ngati ya m'sitolo ndimawotcha masipuni atatu a shuga m'kapoto mpaka atafiira kwambiri, n'kuthiramo timadzi totentha. Chenjerani pamenepa, amalalatika, ndili ndi chipsera padzanja. Zonse zikasakanizika ndi zipatso, mtanda wake umakhala wolemera moti mthiko umaima wokha.

Chitini changa ndi cha masentimita 18, ndicho chimalowa mu Kamba. Ndimayala pepala lophikira m'kati, kuthira mtanda, kuphimba ndi pepala lina kenako foyilo. Pansi pa mphika ndimaika zivundikiro zitatu za mabotolo a jamu kuti chitini chisagunde dothi, ndi madzi otentha ofika zala ziwiri. Choncho keke imapsa ndi nthunzi ndi kutentha kofatsa, siingapserere.

Yoyamba inalephera, ndipo cholakwa chinali changa. Uvuni umaumitsa, Kamba amatuluka thukuta. Nthunzi inkakwera, kugunda galasi, n'kudontha pa foyilo imene sindinaimange bwino, ndipo pamwamba pa keke panasanduka phala la mwana. Tinadya ndi masipuni. Mankhwala ake ndi kansalu kopukutira mbale koyera, kokunga pakamwa pa mphika chivundikiro chisanakhale. Kansaluko kamamwa madontho onse. Koma mukatero galasi silionetsanso kanthu, ndipo mtima umafuna kuvundukula. Musavundukule. Nthawi iliyonse imene mwasuzumira, kutentha kumene mphika wasonkhanitsa pang'onopang'ono kumathawa, ndipo kubwerera kwake ndi kwa kamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayatsa pa High 09:00 koloko dzuwa litagwira bwino pa sola, ndinayesa koyamba 13:30 ndi singano yolukira, inatuluka ndi timtanda, ndinayesanso 14:15 inatuluka yoyera. Maola asanu ndi pang'ono. Mphika wanu ukhoza kusiyana ndi wanga, khulupirirani singano. Ikapsa isiyeni izizire m'chitini momwemo mpaka mawa, mukaitulutsa yotentha imasweka.

Chimene sichituluka mu Kamba ndi chikhokho chouma cha pamwamba chija. Keke yake ndi yonyowa, yothinana, yakuda, ikamadulidwa mpeni umatuluka ukunata. Ena anganene kuti yayandikira pudingi. Apongozi anga aakazi, amene mano awo atsala owerengeka, anati ndiyo keke yoyamba imene sinawavutitse.

Yachiwiriyo inapsa pa 21 Disembala. Pa 22 ndinadula chidutswa chachikulu bwino, alamu anachikulunga mu foyilo, kuchiika m'chitini cha mabisiketi, n'kulemba pachivundikiro ndi cholembera chakuda kuti MUSAKHUDZE. Anatitulutsa tonse panja kuti tisaone pobisa. Ndinamva mpando ukukokedwa, ndiye ndinadziwa kuti ndi pamwamba pa wadiropu, kuseri kwa masutikesi. Sindinauze munthu.

Yotsalayo ndinaganiza zowerenga pakamwa pamene inadutsa, ndipo ndinalemba kuseri kwa kalendala. Ana anga atatu. Abambo awo. Apongozi, amene amamwa mankhwala a BP m'mawa uliwonse ndipo anabwera kuchokera ku Katete kudzadya nafe Khirisimasi. Mtsikana wondithandiza ntchito, amene anakulunga theka la gawo lake kukapatsa mwana wake wa zaka zitatu. Ana awiri a aneba amene anangopezeka ataima pakhomo la khitchini, manja kumbuyo, osapempha, ndipo mukudziwa kuti kuima koteroko kumaposa kupempha. Mayi woyembekezera wa kuseri kwa mpanda amene anabwera kudzabwereka sefa. Mnyamata wa njinga amene amanditengera malasha, ndipo atangomeza anakwera njinga yake kulowa mumsewu wa malole. Azimayi awiri a kumpingo. Amuna awo a mmodzi wa iwo, chifukwa anati sangadye yekha chinthu chotere. Anthu 14 m'masiku awiri, ndipo amene ndinawaitana ndi dzina kuti adzadye keke ndi asanu okha. Ndinamuonetsa mlamu wanga kalendalayo osanena kanthu. Anati zimenezo ndi za keke ya patebulo, yake ili pabwino.

Pa 24 madzulo, mvula ikugwa, magetsi kulibe, tinakhala pabalaza ndi nyale ya sola. Alamu ananyamuka monyada kukatenga chitini chawo kuti adzationetse, ati nkhuku yachikuda ikonzeke. Anabwera nacho akuchigwedeza, ndipo nkhope inasintha asanatsegule n'komwe chifukwa munkalira mopepuka. M'katimo munali foyilo yopindidwa bwinobwino ngati mpango wa kutchalitchi, ndi kachidutswa kotsala kochepa ngati chala.

Maso onse anapita kwa wotsiriza uja. Iye anayamba kulira asanafunsidwe, n'kunena kuti sanakwere yekha, anangogwirira mpando.

Apongozi anali pamphasa pakona, akusenda nsawa m'lichero. Sanadzutse mutu. Anati dzulo masana ankafuna bulangete lawo limene linaikidwa pamwamba pa wadiropu chaka chatha, ndiye anatuma mdzukulu wamkulupo kuti akwere. Chitini chinatsika pamodzi ndi bulangete. Iwo kuwerenga sadziwa, ana anawawerengera zolembedwazo, koma anaona kuti m'nyumba ya mwana wawo mulibe chinthu chimene iwo angaletsedwe kukhudza. Anagawa patatu, iwo ndi adzukulu awiri, n'kusiyako pang'ono kuti mwini wake asadandaule.

"Unabisiranji chakudya ngati mfiti?" anamufunsa mwana wawo. "Muli mankhwala?"

Alamu anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Iyayi amama," anatero. "Mulibe."

Thumba la fulawa linafika pa 27, la makilogalamu 25, pa njinga ya mnyamata wa malasha uja. Pa 3 Januwale pobwerera ku Joni ndinamuphikira keke ina yathunthu mu Kamba kuti ikhale kamba wa paulendo, ndipo ananditumizira uthenga ali ku Nyimba kuti yatha kale theka, chifukwa mayi amene anakhala naye pampando anali ndi ana awiri.